Mzinda wa Pathina

Samuele anabwerera ku Itepela chimanga chitayamba kuuma m'minda, m'chaka cha 1956. Anafika pa kaminyawu, galimoto yaikulu yonyamula thonje, atakhala pamwamba pa masaka, phazi lake lamanzere litakulungidwa m'chiguduli. Anali atagwira ntchito zaka zingapo pa siteshoni ya komboyo, sitima ya pamtunda, ku Cuamba, tauni imene Apwitikizi anali ataipatsa dzina lawo loti Nova Freixo. Tsiku lina akutsitsa zitsulo za njanji, chimodzi chinapulumuka m'manja mwa anzake n'kumutswanya phazi. Bala linapola, koma phazilo linapindikira m'kati, ndipo kapitawo anamuuza kuti munthu wotsimphina alibe ntchito pa njanji.

Kumudzi anapeza mlongo wake Elena ali yekha. Makolo awo anali atamwalira, ndipo mwamuna wa Elena anawoloka malire kukathyola tiyi ku Nyasaland n'kutchona komweko. Elena ankalima chimanga ndi fodya pang'ono, komanso thonje limene boma linkakakamiza banja lililonse kulima, koma m'dera lonselo ankadziwika ndi kuumba. Madzi a m'mitsuko yake ankazizira ngakhale dzuwa litaswa mtengo.

Samuele sankatha kugwira khasu, komanso sankatha kukhala pansi. Ankakhala pakhonde pang'ono, n'kunyamuka kupita kumsewu, n'kubwerako, n'kuzungulira nkhokwe, ndodo ili go go go. Akamva galimoto ikulira patali ankaimirira ngati wina wamuitana.

"Kuno n'kumanda, achemwali," anatero tsiku lina. "Munthu umamva ndi mbuzi yomwe ikubzikula kutsidya kwa dambo. Ku Cuamba ukadzuka umapeza Amakhuwa akukangana ndi Ayao pamsika, Mmwenye akutsegula kantina, komboyo ikufuula. Umadziwa kuti uli moyo."

"Moyo womwewo ndi umene wakudyani phazi," anayankha Elena, maso ali pa mphika umene ankakulunga.

Kuseri kwa chigafa cha fodya kunali chulu chachikulu chimene chiswe chinasiya kalekale. Elena anayamba kuona kuti dongo limene wasenza kuchokera kudambo likutha msanga. Poyamba ankaganiza kuti akuba ndi ana. Kenako masana ena anatsatira madontho a matope mpaka kuchuluko, n'kupeza mchimwene wake atagwada, thukuta lili kamukamu, akumata tinyumba tofanana ndi chibakera m'mbali mwa chulu. Tinyumbato tinali titasanjikana, china pamwamba pa chinzake, topanda bwalo, topanda mpanda. Pakati pake panadutsa tinjira tokhotakhota toti chala chokha n'chimene chikanalowamo.

"Achimwene, mwayambanso masanje pa msinkhu wanuwu?"

"Si masanje. Uwu ndi mzinda. Dzina lake ndi Pathina."

"Ndani angakhale mothinana chonchi? Nkhuku zomwe sizingalole."

"Anthu ambiri kuposa onse a ku Ngauma ndi Mandimba kuphatikiza. Lamulo lawo loyamba n'lakuti mlendo sabwezedwa pachipata. Aliyense wofika amalowa. N'chifukwa chake pathina."

Elena anafuna kukalipa, koma anaona kuti kwa nthawi yoyamba chibwerereni mchimwene wakeyo wakhala malo amodzi kuyambira m'mawa. Tsiku lotsatira anasenza dongo kawiri.

Munthu woyamba kuufunsa mafunso mzindawo anali Che Sulemane, wamalonda wa ku Mandimba amene ankayenda pa njinga kugulitsa mchere, singano ndi nsomba zouma za ku Amaramba. Anali munthu wamtali, wa ndevu zochepa, wosakhulupirira chinthu asanachitembenuze mbali zonse. Anabwera kudzatenga mitsuko kwa Elena, ndipo atamaliza kuswali, mapemphero ake a Chisilamu, pansi pa mtengo wa mango anazungulira kuseri kwa chigafa. Anaima nthawi yaitali manja ali kumbuyo.

"Mwati mlendo sabwezedwa," anatero. "Ndiye amagona pati? Chulu sichikula."

Samuele anali atayembekeza funso limeneli. Anafotokoza kuti ku Pathina kuli anthu obadwa ndi mawu a mphamvu, otchedwa oyimbira makoma. Mlendo akafika, woyimba mmodzi amalowa m'nyumba, n'kutsamiza chipumi pakhoma, n'kuyamba nyimbo. Khomalo limamvera, limabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka papezeke poyala mphasa. Koma woyimbayo akamaliza mawu amamuthawa, ndipo salankhulanso mpaka mwezi watsopano uoneke.

"Zabwino," anatero Che Sulemane. "Koma malo sagwa kuchokera kumwamba, bambo. Khoma likabwerera uko, ndiye kuti lapanikiza munthu wina. Ndani ameneyo?"

Samuele anayasama. Anayang'ana tinyumba take ngati tamupandukira. Kenako maso ake anawala.

"Apansi," anatero. "Okhala kutsinde kwa chulu. Otunga madzi, okumba manda, otaya zonyansa. Iwowo ndi amene amadzuka m'mawa n'kupeza nyumba yafupika, mwana wagona miyendo ili panja."

"Ndipo Apamwamba ndi amene amadyetsa oyimbawo, kuti aziyimbira nyumba zawo zokha."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndimayenda, bambo."

Kuyambira tsiku limenelo njinga ya Che Sulemane inkapezeka ku Itepela pafupipafupi kuposa mmene malonda ake ankafunira. Anthu awiriwa ankakangana kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka mithunzi itatalika. Anagwirizana kuti pansonga pa chulu pakhale Apamwamba, amene amasunga mvula m'mitsuko yotseka ndi phula n'kumaitsegula akafuna. Pakati panakhala amisiri, osula, osoka ndi amsika, anthu osakhulupirika amene lero ali mbali iyi, mawa ali mbali inayo. Che Sulemane anati mzinda wopanda mzikiti iye sangaupondemo. Samuele anaumba mzikiti, koma malo anasowa, moti anaumata kumbuyo kwa tchalitchi, khoma limodzi. Anatha sabata yathunthu akutsutsana kuti khoma limenelo likayimbiridwa lizibwerera mbali iti. Mapeto ake anati Lachisanu lizibwerera kwa Akhristu, Lamulungu kwa Asilamu, ndipo oyimba a khomalo ndi anthu otopa kwambiri mumzinda wonse.

Mbiri inafalikira. Lamulungu anthu akatuluka m'mapemphero ankadzera kuchulu. Poyamba ankabwera kudzaseka, koma aliyense ankachoka atasankha nyumba yake. Mkulu wina amene kwawo analibe ngakhale nkhuku anadzipatsa nyumba ya pansonga, n'kumawopseza anzake kuti awamana mvula. Amayi awiri amene anali atasiya kulankhulana chifukwa cha malire a munda anapezeka kuti ku Pathina agundana makoma, ndipo anayambanso kulankhulana, ngakhale kuti kunali kutukwanizana. Anthu ankafunsa zinthu zimene Samuele sanaziganizirepo. Munthu akamwalira kumtunda maliro amatsika bwanji m'tinjira timeneti? Woyimba akakwatiwa ndi Wapansi, mwana amakhala wa kuti? Nanga wina akaba mtsuko wa mvula n'kuutsegulira m'nyumba? Samuele ankayankha zina, zina ankayankha ndi anthu okha, ndipo m'kati mwa sabata iye ankaumba zimene zagwirizanidwa. Mzinda unakwera chulu chonse n'kuyamba kutsikira mbali ya kudambo.

Elena ankaonerera ali chapatali, mtima uli m'mwamba. Aliyense ankadziwa kuti boma silifuna anthu kusonkhana popanda chilolezo, pokhapokha pa maliro kapena m'tchalitchi.

"Achimwene, anthu achuluka," anatero tsiku lina alendo atabalalika. "Mawu amayenda."

"Ndi dothi chabe. Ndani angamange munthu chifukwa cha dothi?"

Pakati pa obwera panali Mayi Anastaziya, mkazi wamasiye wofulula mowa, wa mawu aakulu oti akaitana mwana kudambo ankayankha ndi ana a mudzi wina. Iwo anasankha dala kanyumba ka kutsinde kwenikweni. Lamulungu lina anaimirira pakati pa gulu, n'kumanga nsalu m'chiuno.

"Ife Apansi tatopa," anatero. "Sabata yatha mwatichotsera khonde kuti wosula akulitse chipala chake. Lero ndamva kuti kwabwera alendo ena. Tigona choimirira kodi? Mzinda uno amaulamula ndani?"

"Apamwamba," anayankha Samuele.

"Anawasankha ndani?"

"Palibe. Zinayamba choncho."

"Ndiye zithe choncho. Tisankhe."

Anthu anaseka n'kuwomba m'manja. Samuele anakana, anati zimenezo si mmene mzinda wake umayendera, koma palibe anamumvera. Anatenga miphika iwiri ya Elena, wina wa Mayi Anastaziya, wina wa Che Sulemane amene amsika anamuimika, ndipo aliyense anaponya njere ya chimanga mumphika umene akufuna. Atakhuthula, mulu wa Mayi Anastaziya unali waukulu moti panalibe chifukwa chowerengera. Amayi analuluta. Wina anawaveka nkhata ya udzu kumutu. Pomwepo analamula kuti oyimbira makoma onse atsike akakhale kutsinde, azidya zimene Apansi amadya, ndipo kuti aliyense wolamula Pathina azigona m'nyumba yothina kuposa zonse, kuti khoma likasuntha ayambe kumva ndi iyeyo.

Che Sulemane anagonja akuseka. Samuele sanaseke. Sabata imeneyo sanakhudze dongo. Anayambiranso kuzungulira nkhokwe ndi kupita kumsewu.

"Andilanda," anauza Elena. "Ndaumba ndi manja anga, lero wofulula mowa ndiye akundiuza pomanga."

"Munati mlendo sabwezedwa. Alowa."

Pasanapite nthawi kunafika Raimundo, sipayi, wapolisi wa ku posito, ofesi ya boma ya m'deralo, atavala kabudula wa khaki ndi chisoti chofiira. Raimundo anakulira limodzi ndi Samuele, ankasaka mbewa limodzi, koma tsopano anthu akamuona ankaloza ana kuti alowe m'nyumba. Anakana mpando.

"Shefe, mkulu wa posito, wamva kuti kuno mwasankha mfumu yaikazi," anatero. "Akuti muli ndi mzinda wanuwanu ndi malamulo anuanu. Akubwera mawa. Ine ndangoti ndikuuzeni, Samuele, chifukwa cha kale lathu. Mukanagumula."

Elena anatenga khasu pomwepo, koma Samuele anaima pakati pa iye ndi chulu, ndodo ili m'manja. Elena anamuyang'ana, n'kuponya khasulo pansi.

Shefe anafika m'mawa pa jipi, ndi mkazi wake. Anali Mzungu wonenepa, wa khosi lofiira. Anthu a m'mudzi anaitanidwa onse ndipo anakhala pansi chete. Shefe anazungulira chulu kamodzi nkhope itakwinyika. Ulendo wachiwiri anawerama n'kusuzumira m'tinjira. Anaona timasitepe, timilatho ta timitengo, kamsika kokhala ndi timadengu tochepa ngati chikhadabo. Kenako anaseka mpaka mimba inagwedezeka, n'kuitana mkazi wake kuti adzaone. Analankhula zambiri, Raimundo akumasulira.

"Akuti ndiwe mmisiri. Akuti mwezi wamawa kukubwera bwanamkubwa ku Nova Freixo, kudzakhala chionetsero cha thonje, fodya ndi ntchito za manja a anthu akuda. Akufuna ukaumbe mzinda ngati uwu kumeneko, m'dzina la posito yathu. Ukadya ndi kugona kwa boma."

Nkhope ya Samuele inasintha ngati ya munthu amene wamva komboyo. Sanayang'ane aliyense.

Shefe anapukuta misozi ya chiseko, n'kufunsa kuti mfumu yaikazi ija ili kuti. Mayi Anastaziya anaimirira okha asanalozedwe. Shefe sanasekenso. Anati dothi ndi dothi, koma kusonkhanitsa anthu ndi kusankhana ndi nkhani ina. Analamula kuti mbiya zawo za mowa ziswedwe, ndipo iwo akagwire ntchito ya pamsewu mpaka iye adzakumbukire kuwamasula. Anawakweza kumbuyo kwa jipi, ana awo akulira. Samuele anali chiimire pafupi ndi chulu chake, maso ali pa tinyumba take.

Elena sanafune kupita ku Cuamba, koma Samuele sankadziwa kuwotcha dongo, ndipo Raimundo anati shefe akufuna mzinda wowotcha, woti usaphwanyike ponyamula. Ananyamuka pa kaminyawu ya boma. Atadutsa Mitande anapeza gulu la anthu likuswa miyala m'mbali mwa msewu, sipayi ali pamthunzi. Mayi Anastaziya anali pakati pawo, fumbi lili mbuu kumutu, manja atakulungidwa ndi masanza. Anakweza mutu, ndipo maso awo anakumana ndi a Elena. Elena anakweza dzanja. Samuele anawerama n'kuyamba kukonza chiguduli cha kuphazi mpaka gululo litatsalira m'mbuyo.

Ku Cuamba anawapatsa ngodya ya nyumba yosungiramo thonje pafupi ndi siteshoni. Samuele anakhala ngati nsomba yobwezeredwa m'madzi. Ankadzuka kusanache bwino, kupatsa moni anzake akale a pa njanji m'Chimakhuwa, kuima pakhomo pa kantina kununkhiza mkate. Ankaumba mofulumira kuposa kale. Elena anapeza dongo labwino kumtsinje, lofiira, lomata kuposa la kwawo, ndipo anakumba dzenje lowotchera kuseri kwa nyumbayo. Poyamba phokoso la tauni linkamupweteka mutu. Kenako anayamba kuzindikira nkhope za amayi a kumsika, ndipo mmodzi mwa iwo, Mmakhuwa wogulitsa chinangwa, anamuphunzitsa mawu opatsira moni.

Mzinda utafika pakati, shefe anabwera kudzaona, ndi Mzungu mnzake wa ku ofesi yaikulu. Anayang'ana, n'kukambirana okhaokha, kenako Raimundo anamasulira atayang'ana pansi.

"Akuti n'zokongola, koma zapansizi zichoke. Akuti bwanamkubwa asaone ngati anthu kuno amakhala ngati makoswe. Misewu ikhale yowongoka. Pamwamba pakhale linga ndi mbendera, ndi nyumba ya boma ya khonde lalikulu. Mzikiti uchoke kumbuyo kwa tchalitchi."

"Auzeni kuti mzindawu sukhala choncho," anatero Samuele. "Auzeni za oyimbira makoma. Popanda kuthinana oyimbawo alibe ntchito."

Raimundo analankhula mawu ochepa m'Chipwitikizi. Azunguwo anagwedeza mitu n'kutuluka.

"Mwawauza?"

"Ndawauza kuti wamva."

Samuele anakhala pa saka la thonje nthawi yaitali. Ananyamuka, kutuluka, kuzungulira siteshoni, kubwerera, kutulukanso. Madzulo ake Elena anamupeza akuchotsa tinyumba ta kutsinde, kamodzikamodzi, n'kumatiponya m'dengu.

"Nanga Apansi mwawaika kuti, achimwene?"

"Musandifunse."

"Ndangofunsa. Pajatu kanyumba ka Mayi Anastaziya kanali chapamenepo."

"Ndati musandifunse. Mukufuna nanenso ndikaswe miyala ndi phazi ili?"

Elena anawerama. Anatenga dengulo, n'kukathira madzi, n'kuponda dongolo kuti likhale la linga.

Tsiku la chionetsero tauni yonse inapakidwa njereza. Ana a sukulu anaimba, asipayi anaguba. Mzinda wa Samuele anauika pa thebulo lalitali pakati pa mulu wa thonje ndi mitolo ya fodya. Nawonso unali wopakidwa njereza, woyera bwino, misewu ili tambalale, kambendera ka nsalu kakupepeluka pamwamba. Samuele anapatsidwa malaya oyera ndipo anaima pambali. Bwanamkubwa anadutsa ndi gulu lake, anaima pang'ono, anakhudza kambendera ndi chala, n'kunena mawu amene anaseketsa onse, n'kupitirira kukaona ng'ombe. Palibe anafunsa dzina la mzindawo. Dona wina wachizungu anatsalira n'kufunsa kudzera mwa Raimundo ngati mmisiriyo angamuumbire miphika ya maluwa.

Azungu atapita kukadya, anthu wamba analoledwa kulowa. Pakati pawo panali Che Sulemane, amene anabwera ku Cuamba kudzapikula mchere. Anaima patsogolo pa thebulo manja ali kumbuyo monga mwa chizolowezi chake. Samuele anamuyandikira, akudikira funso. Funso silinabwere.

"Mwaona bwanji, Che Sulemane?"

"Ndi tauni yabwino. Munthu angayendemo ndi ngolo."

"Anandikakamiza."

"Sindinakufunseni, bambo."

Elena anafunsa za kumudzi. Che Sulemane anati Mayi Anastaziya anamasulidwa manja atatupa, ndipo sanagone ngakhale tsiku limodzi m'nyumba mwawo. Anatenga ana n'kudzera ku Mandimba, ndipo iye mwini anawaperekeza pa njira ya m'tchire mpaka kuwoloka malire. Mabanja ena awiri anawatsatira. Kuchulu kuja kulibe amene amayandikirako, ndipo amayi amamenya mwana akangotchula dzina la Pathina.

"Anasiya mawu aliwonse?" anafunsa Samuele.

"Anati ndikakuonani ndikuuzeni kuti alibe nanu chifukwa. Anati anaimirira okha."

Samuele akanakonda kutukwanidwa. Anavula malaya oyera aja, n'kuwapinda, n'kuwafunyululanso, n'kuwasiya pa thebulo. Masiku otsatira sanadye bwino. Raimundo anabwera kudzanena kuti kaminyawu yobwerera ku Ngauma inyamuka Loweruka, komanso kuti dona uja akudikira miphika yake. Samuele anavomera zonse ziwiri ndi mutu. Ankangoyenda, kuchoka ku siteshoni kupita kumsika, kuchoka kumsika kupita kumtsinje, phazi likutupa.

Lachisanu m'mawa Elena anadzuka n'kupeza mphasa ya mchimwene wake itapindidwa. Anathamangira ku siteshoni. Komboyo ya ku Nampula inali itayamba kale kufuka utsi, anthu akukankhana ndi mitolo, nkhuku, ana. Anamupeza atakhala pakhomo pa ngolo ya katundu, pomwe mnzake wina wakale wa pa njanji anamupezera malo.

"Mukupita kuti?"

"Ku Nampula. Mwina mpaka kunyanja yamchere. Akuti kumeneko kuli nyumba zosanjikana zenizeni."

"Ndi phazi limeneli? Chiphaso muli nacho?"

"Ndikaona konko. Kumudzi sindingabwerere, achemwali. Ndikawayang'ana bwanji anthu? Ndipo kuno ndikakhala, ndifera pa miphika ya maluwa."

"Ndiye munafuna kupita osanditsanzika."

"Ndinaopa kuti mundiletsa."

Elena anamuyang'ana. Anaona kuti ngakhale atakhala pansi, bondo lake linali kugwedezeka. Anamasula mfundo ya nsalu yake, n'kutulutsa chinangwa chowotcha chimene anasungira kadzutsa, n'kumupatsa.

"Sindikuletsani. Muzisambitsa phazilo ndi madzi otentha."

Komboyo inakuwa, ngolo zinagundana, ndipo Samuele anapita akuyang'ana kutsogolo.

Loweruka Raimundo anabwera kudzamutenga Elena. Anamupeza kuseri kwa nyumba ya thonje akufukula dzenje lowotchera. M'phulusa munali mitsuko isanu ndi umodzi ya dongo lofiira lija, imene anaumba m'masiku amene mchimwene wake ankangoyendayenda.

"Kaminyawu ikudikira, mayi."

"Ipite."

"Shefe akafunsa ndikati chiyani?"

"Mukati mlongo wa mmisiri watsala kuti aumbe miphika ya dona. Sakakana."

Raimundo anakanda pansi pa chisoti chake, n'kupita. Elena anaumbadi miphika ya maluwayo, koma tsiku lomwelo anasenza mitsuko iwiri kupita nayo kumsika. Mayi wa chinangwa uja anasunthira pambali n'kumusiyira kamalo pakati pa iye ndi wogulitsa fodya wa mphuno. Dzuwa lisanapendeke mitsuko yonse iwiri inali itapita, ndipo mkazi wa wosula wina anali ataitanitsa nkhali.

Munda wa ku Itepela Elena anaupereka kwa msuweni wake kudzera mwa Che Sulemane. Anapeza kachipinda kuseri kwa njanji, m'dera limene Amakhuwa, Ayao ndi Anyanja ankakhala mosakanikirana, ndipo pofika nyengo ya mvula ankatha kukangana m'zilankhulo zitatu. Patapita zaka ziwiri anakwatiwa ndi munthu wothira malasha m'komboyo, wa ku Lúrio, wofatsa, amene ankabwera kunyumba ali bii ngati mphika. Mwamunayo ankayenda njanji yonse mpaka kudoko, ndipo Elena anamupempha kuti azifunsa za munthu wotsimphira phazi lamanzere. Kamodzi anabwera ndi mbiri yoti woteroyo anaoneka ku Nacala akusoka masaka, koma atapitanso ulendo wotsatira anauzidwa kuti anakwera sitima ya pamadzi yopita kummwera. Elena anamva nkhaniyo akusenda chinangwa. Anafunsa ngati munthuyo anali wonenepa kapena wowonda, ndipo mwamuna wake anati anthuwo sananene.